Nyumba za lendi: mafunso omwe anthu amandifunsa ndi mayankho ake

Anthu akangomva kuti uli ndi nyumba za lendi amaganiza kuti basi iwe unafika, ndalama zimangolowa pa Mpamba uli gone. Ine ndili ndi mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi komanso nyumba imodzi ya mpanda kuno ku Lilongwe, ndipo mafunso omwe abale, anzanga akuntchito ndi anyamata aku Joni amandifunsa ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, ndiye ndangoti ndiwayike pamodzi. Mitengo ya nyumba ndi lendi yomwe nditchule apa ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, inuyo muyikepo manambala a kwanuko.

Kodi nyumba ya lendi imabwezadi ndalama?

Imabweza, koma mwa kamba, osati mmene amakambira anthu pa bawo. Tiyerekeze mwagula poloti, mwamanga nyumba ya zipinda zogona zitatu, mpanda, geti, madzi, magetsi, zonse pamodzi zakudyerani K60 miliyoni. Mwapeza tenanti wa K400,000 pamwezi. Pachaka ndi K4.8 miliyoni, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yomwe munakwirira pamenepo mukulandira K8. Apatu tisanachotse kanthu. Tsopano chotsani mwezi umodzi womwe nyumba ikhale yopanda munthu, chotsani penti, mpope wophulika, maloko, ma rate a khonsolo, msonkho, mutsala ndi mwina K3.4 miliyoni. Gawani K60 miliyoni ija ndi K3.4 miliyoni muone, zaka 17 ndi miyezi pamwamba. Mwana amene wabadwa tsiku lomwe mukukhoma malata adzakhala akudikira zotsatira za fomu 4 ndalama yanu isanabwerere yonse.

Ena akamva izi amakhumudwa, koma dikirani kaye, chifukwa phindu lenileni la nyumba kwathu kuno silili pa lendi pokha ayi. Tikambirana pansipa.

Ndiye ndingadziwe bwanji kuti nyumba yomwe akundigulitsa ndi ya phindu?

Musayambe ndi kufunsa wogulitsa kuti "lendi yake ndi zingati?" chifukwa akuuzani nambala ya kumaloto. Pitani nokha m'dera lomwelo ngati munthu wofuna nyumba yokhala, funsani pa golosale, funsani mayi wogulitsa tomato pakona, funsani matenanti a nyumba zoyandikana kuti amalipira zingati ndipo nyumba ikakhala yopanda munthu imatha masabata angati. Nambala imeneyo ndiye yoona. Muichulukitse ndi miyezi khumi ndi umodzi, osati khumi ndi iwiri, kenako muchotse zokonzetsa, ndiye mugawe ndi mtengo wonse wa nyumbayo kuphatikiza za loya, zosinthitsa dzina ndi zomwe mukonze musanalowetse munthu.

Chachiwiri, pitani nthawi ya mvula. Nyumba zonse ndi zokongola mu Ogasiti. Mu Januwale ndi pomwe mumaona kuti msewu wake galimoto sifika, kuti madzi a m'dera lonse amadutsa pakhomo pomwepo, kuti khoma lakumbuyo limanyowa mpaka pa windo. Anzathu aku Blantyre anaona okha mu Malichi 2023 pomwe namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, mapoloti otchipa a m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje kutchipa kwake kuli ndi chifukwa. Ngati simungadikire mvula yang'anani mizere ya chinyezi m'munsi mwa makoma, ndipo penti yatsopano mbali imodzi yokha ya nyumba ikukayikitseni.

Ndikatenge ngongole ku banki ndimangire nyumba ya lendi, lendiyo izibweza yokha ngongoleyo?

Funso ili ndi lomwe limandipweteka mutu kwambiri chifukwa nzeru imeneyi anthu amaitenga pa YouTube kwa azungu aku America komwe chiwongola dzanja ndi chochepa. Kuno sizili choncho. Mu 2024 Reserve Bank inayika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndiye banki yanu singakubwerekeni motchipa kuposa mmene zinthu zilili pamsika, imayikanso kake pamwamba. Tiyerekeze mwabwereka theka lokha la nyumba ija, K30 miliyoni, pa 28 peresenti. Chiwongola dzanja chokha pachaka ndi K8.4 miliyoni, pamwezi K700,000, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Lendi ija ndi K400,000. Ndiye mwezi uliwonse mukutapa K300,000 ndi kupitirira pa salale yanu kudyetsa nyumba yomwe mumati izikudyetsani, ndipo ngongole zambiri za kuno chiwongola dzanja chake chimayenda, chikakwera ku Reserve Bank kwanunso chakwera, samakufunsani.

Sindikunena kuti mabanki ndi oyipa. NBS Bank ija inayamba ngati New Building Society, ntchito yake inali yomweyi yothandiza anthu kupeza nyumba, ndipo mabanki ena nawonso ali ndi ngongole za nyumba. Kwa munthu amene kuntchito kwake ali ndi mwayi wa ngongole ya ogwira ntchito ya chiwongola dzanja chotsika, masamu amasintha, atha kutenga. Komanso ngongole yaying'ono yomalizitsira ndi nkhani ina: nyumba yafika pa denga, yatsala mawindo, waya wa magetsi ndi pulasitala, mwabwereka ku SACCO kuti munthu alowe mwezi wamawa m'malo moti iyime chaka china ikumera udzu, pamenepo ndikuvomerezani. Koma kuyambira pa fawundeshoni ndi ndalama ya banki, ayi ndithu. Za katapila sindikambako n'komwe, ndipo ndalama ya banki m'khonde ndi yoti mubweze m'miyezi yochepa, si yomangira nyumba.

Anthu ambiri omwe ndikuwadziwa kuti zinawayendera anamanga pang'onopang'ono. Chaka chino poloti, chaka chamawa fawundeshoni ndi mabuloko, akalandira kabonasi agula malata n'kusunga kwa apongozi, akagulitsa soya agula mafelemu. Zimatenga zaka, anthu amakuseka kuti chigumula chako chija chili pati, koma tsiku lomwe tenanti walowa ndalama yonse ndi yako.

Ngati lendi ikupereka 8 peresenti yokha, si bola kungoyika ndalama ku Treasury bills?

Funso la munthu woganiza limeneli. Ma Treasury bills ndi kubwereketsa ndalama yanu ku boma kwa nthawi yochepa n'kulandira chiwongola dzanja. Mu 2024 ma Treasury bills a chaka chimodzi amapereka pafupifupi 26 peresenti, ndiye K60 miliyoni ija ikanabala K15 miliyoni ndi kupitirira popanda tenanti wokuyimbira usiku kuti thoyileti yatsekeka. Koma kumbukirani kuti chaka chomwecho mitengo ya zinthu imakwera ndi 30 peresenti ndi kupitirira, ndiye ndalama yanu imakula pa pepala koma pamsika imagula zochepa kuposa kale. Onjezani kugwa kwa kwacha: Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi. Amene anali ndi ndalama ku akaunti anadzuka ali osauka. Amene anali ndi nyumba anadzuka nyumba yawo ili pomwepo, ndipo poti simenti, malata ndi zitsulo zinakwera, kumanga ina ngati yomweyo kunakhala kodula, mtengo wa yawoyo n'kukwera nawo.

Ndiye ine mmene ndimaonera, nyumba ndi nkhokwe, mumasungamo chuma kuti chiswe cha kugwa kwa kwacha chisadye, lendi ndi kandiwo chabe. Vuto la nkhokwe imeneyi ndi loti mwana akadwala simungagulitse khonde lokha, kugulitsa nyumba kumatenga miyezi ndipo ogula akangonunkhiza kuti mwapanikizika amakugwetsani mtengo mopanda chisoni. Musakwirire ndalama yanu yonse mu njerwa.

Chabwino n'chiti, mdadada kapena nyumba imodzi ya mpanda?

Pa masamu okha mdadada umawina. Zipinda zisanu ndi chimodzi ku Area 25, Area 36, Chinsapo, kaya ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri, mwina zakudyerani K20 miliyoni, chilichonse K50,000 pamwezi, pachaka K3.6 miliyoni, imeneyo ndi 18 peresenti. Komanso mmodzi akasamuka asanu akulipirabe, pomwe nyumba ya mpanda tenanti akatuluka ndalama yaima yonse.

Koma mdadada ndi ntchito, abale. Umakhala landilodi, mfumu, nkhoswe ndi wapolisi nthawi imodzi. Wa chipinda chachiwiri akuti wa chachinayi sakolopa kubafa tsiku lake, wa chachitatu wabweretsa achibale asanu kuchokera kumudzi pomwe polowa anati ali yekha, chingwe choyanikira zovala chokha chinandiyitanitsapo Lamlungu m'mawa ndisanapite ku tchalitchi. Ndipo anthu a m'midadada ambiri ndi a maganyu ndi timabizinesi, Januwale ndi Febuluwale zimawavuta zenizeni, si kuti ndi mwano ayi.

Nyumba za ku Area 47, Area 43, Area 10 kapena Namiwawa ndi Nyambadwe ndi dziko lina, kumeneko umatha kupeza kampani kapena bungwe lolipira miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, koma polowera pake ndi podula zedi ndipo tenanti wake amafuna giza yotentha, thanki ya madzi, mpanda wa magetsi, chikawonongeka akufuna chikonzedwe lero lomwe. Pali njira yapakatikati yomwe ine ndimaikonda: timanyumba tiwiri kapena titatu ta zipinda ziwiri, kalikonse ndi bafa ndi thoyileti yake mkati, pa poloti imodzi mu mpanda umodzi. Aphunzitsi, anamwino, achinyamata ongokwatirana kumene amazisaka kwambiri nyumba zotere.

Nanga mahositelo a ana a sukulu?

Ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga pafupi ndi Mzuni, kufupi ndi Bunda ndi madera ozungulira MUBAS anthu akudya nawo, chifukwa mumalipiritsa pa bedi osati pa chipinda. Ingowerengerani kuti pa holide mulibe munthu, ndipo sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi ndalama yaimanso. Maloko ndi masoketi muzigula ambiri.

Malo a kwa amfumu ndi otchipa, pali vuto kugula amenewo?

Ambirife tinayambira komweko, kunama ayi. Koma dziwani chomwe mukugula. Kakalata kodinda amfumu si title deed, chikalata cha boma chija chosonyeza kuti malo ndi anu, banki sikalandira ngati chikole, ndipo nkhani zoti poloti imodzi yagulitsidwa kwa anthu atatu si nthano, pitani kukhoti lililonse mukamve milandu yake. Malamulo a malo anasintha mu 2016, anawakonzanso mu 2022, ndipo malo a makolo ali ndi ndondomeko yake yolembetsera, si mfumu yokha yomwe ili ndi mawu. Musanapereke ndalama kumanani ndi banja lonse la eni malo osati mnyamata mmodzi yemwe akuthamangira kugula njinga yamoto, itanani oyandikana nawo aloze malire pamaso pa aliyense, lembani pangano, mboni zisayine, jambulani zithunzi. Mukatero musagone, yambani kuyendetsa mapepala ku Lands, ku Unduna wa za Malo, ndipo pamalopo ikanipo chinachake msanga, kaya ndi mabikoni kaya kafawundeshoni, poloti yongokhala tchire imayitana akuba.

Ngati malowo ali ndi lizi kale, kaya ya ku Unduna wa za Malo, ya khonsolo kapena ya Malawi Housing Corporation, kachiteni sechi ku ofesi yake muone ngati dzina lili pa pepala ndi la munthu amene akukugulitsaniyo, ngati nyumbayo sinayikidwe chikole ku banki, komanso ngati palibe ngongole ya ground rent, lendi ya malo ija yolipira kwa amene anapereka lizi, ndi ma rate. Lizi zambiri za nyumba zokhala zimakhala za zaka 99, onani kuti zatsala zingati. Ndalama ya loya imawawa polipira koma ndi yochepa poyerekeza ndi kuluza nyumba yonse.

Akundigulitsa nyumba motchipa, akuti mwini wake anamwalira ana akufuna agawane. Ndigule?

Pang'onopang'ono. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake la 2011, ndipo amene angagulitse ndi yekhayo amene ali ndi mapepala a kukhoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Mwana woyamba kubadwa kapena malume kungoti "ine ndiye wamkulu pano" sizikwanira. Mukagula mwachidule, pakapita zaka ziwiri atulukira mayi wamasiye kapena mwana wa kwina amene sanafunsidwe, inu muli mkati mopaka penti.

Ndi ndalama ziti zomwe anthu amaiwala powerengera?

Zambiri ndi zazing'onozing'ono koma zikaunjikana zimadya lendi ya miyezi iwiri pachaka. Penti nthawi iliyonse tenanti akatuluka. Kupopa septiki tanki, kapena kukumba chimbudzi china pa mdadada chikadzadza. Chiswe, makamaka ngati mmisiri sanathire mankhwala pa fawundeshoni, chimakwera mpaka ku mitengo ya denga mwakachetechete. Mlonda nthawi yomwe nyumba ilibe munthu, chifukwa nyumba yopanda munthu sabata imodzi yokha mupeza mipope, masinki ndi waya zapita. Ma rate a khonsolo. Thiransipoti yanu yomwe popita kukaona nyumba. Inshulansi ya moto, yomwe ambirife timaizemba mpaka tsiku lomwe mbaula yayatsa katani.

Chomwe chinandiphunzitsa ine ndi mapaipi. Pomanga nyumba ya mpanda ija pulambala wina anandiuza kuti pali mapaipi otchipa, "ndi chimodzimodzi bwana", ine n'kusangalala kuti ndapulumutsa kandalama. Patatha chaka ndi theka tenanti akundiyimbira kuti khoma la kubafa likutuluka thukuta. Tinaswa matailosi onse, kukumba khoma, kupeza joini yang'ambika mkati, ndipo matailosi a mtundu umenewo anali atasowa m'mashopu ndiye bafa lonse linalowa atsopano. Lendi ya miyezi iwiri inathera pamenepo. Zobisika m'khoma ndi pansi, mapaipi, waya, simenti ya fawundeshoni, gulani zabwino. Zooneka ndi maso monga matailosi ndi zitseko za makabati gulani zapakatikati, tenanti sasamala ngati mmene mungasamalire inu.

Ine ndimapatula lendi ya mwezi umodzi pachaka pa nyumba iliyonse, ili ku akaunti ina yomwe ndilibe khadi yake.

Magetsi ndi madzi tizipanga bwanji?

Nyumba iliyonse mita yakeyake ngati mungathe, ya ESCOM yogula mayunitsi, ndipo ya madzi ngati kwanuko a Water Board akuyika zolipiriratu pemphani yomweyo. Mita imodzi pa mabanja asanu ndi nkhondo, wina ali ndi hotipuleti ndi ayironi, wina ali ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni, muwauza bwanji kuti asonkhe mofanana? Pomwe mita ya madzi ili ya bilu, muziona bilu yake mwezi ndi mwezi chifukwa tenanti akathawa ngongole imatsala pa nyumba yanu, odula madzi safunsa kuti anasamba ndani.

Ndili ku Joni, ndimatumiza ndalama kwa mchimwene wanga kuti azimanga. Ndikulakwitsa?

Sindikumudziwa mchimwene wanu, mwina ndi mngelo. Koma nkhani ya munthu wobwera pa Disembala n'kupeza nyumba yomwe amaiona pa WhatsApp ndi ya neba tonse tinaimvapo. Ndipo nthawi zambiri si kuba kwenikweni, ndalama yafika pa Mukuru tsiku lomwe mwana wathamangitsidwa fizi kapena kwagwa maliro, iye n'kuti ndibwereka ndidzabweza, basi yapita. Ndiye musamuyike m'mayesero. Zipangizo lipirani ku hadiweya mwachindunji, mmisiri mugwirizane naye pa gawo lililonse, fawundeshoni yake, kufika pa windo yake, denga yake, ndipo alandire gawolo likatha. Wina wosakhala wachibale azipita kukaona n'kukuyimbirani pa vidiyo ali pamalopo. Mapepala a poloti akhale m'dzina lanu, osati "tingolemba la achimwene poti ali pafupi". Ndipo mchimweneyo muzimupatsa yake ya sopo yodziwika, munthu woyang'anira ntchito ya mamiliyoni ali ndi njala mukuyembekezera chiyani?

Ma ejenti ndi ofunika?

Pali mitundu iwiri. Makampani olembetsedwa oyang'anira nyumba amatolera lendi, kusaka matenanti ndi kuyang'anira zokonza, n'kudulapo peresenti yawo mwezi uliwonse, amenewa amathandiza ngati nyumba ndi ya lendi yokwera kapena inu muli kutali. Kenako pali madobadoba a pa Facebook ndi m'makona, olipiritsa anthu ndalama yongoonera nyumba. Ena ndi achangu ndithu, amakupezera munthu tsiku limodzi, koma musawasiyire makiyi ndipo musalole kuti alandire lendi kapena dipoziti m'malo mwanu. Pa mdadada simufunika ejenti, chikwangwani pa geti ndi matenanti omwe alipo kale amabweretsa anzawo.

Tenanti sakulipira miyezi itatu, ndikachotse chitseko?

Ayi. Ndikudziwa kuti m'makomboni zimachitika, kuzula chitseko, kusasula lata, kutulutsa katundu panja mvula ikugwa, koma mukatero mlandu umatembenukira inu ndipo mutha kulipira zambiri kuposa lendi yomwe mumafuna. Mpatseni notisi yolemba, musunge kope lake, ngati ndi kudera komwe kuli amfumu kapena atcheya a m'dera kambiranani pamaso pawo, zikakanika pitani kukhoti la majisitireti.

Koma nkhondo imeneyi imapewedwa polowa. Pangano lolemba ngakhale la tsamba limodzi: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti, notisi ya mwezi umodzi mbali zonse, akhalamo anthu angati, akonza ndani chikawonongeka. Funsani komwe amagwira ntchito, funsani chifukwa chomwe akusamukira komwe ali, ngati n'kotheka yankhulani ndi landilodi wake wakale. Munthu wobwera ndi katundu pa lole madzulo akuti "ndalama ndikupatsani mawa, ingotsegulani", ameneyo musatsegule. Lendi azilipira ku banki, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzitsala. Ndipo mwezi woyamba womwe wachedwa muyankhuleni pomwepo mwaulemu, ngongole ya mwezi umodzi munthu amatha kubweza, ya miyezi inayi amangosamuka usiku.

Ndizikweza lendi kangati?

Kamodzi pachaka, pang'ono, ndipo muwauze miyezi iwiri kapena itatu isanakwane. Kulakwitsa komwe ndinapanga ine n'kukhala zaka zitatu osakweza chifukwa cha chisoni, kenako zinthu zitadula n'kufuna kukweza kwambiri pakamodzi, anthu anakwiya ndipo awiri anatuluka. Salale za anthu sizikwera ngati mmene ukwerera mtengo wa simenti, ndiye lendi nthawi zonse imatsalira m'mbuyo, vomerezani zimenezo. Tenanti wolipira pa 1 mwezi uliwonse, wosesa pakhomo, wokuuzani msanga denga likayamba kudontha, ine ndimamusiyira pansi pang'ono poyerekeza ndi mtengo wa m'dera, chifukwa akachoka mwezi wopanda munthu ndi penti zidya zoposa zomwe ndikanawonjezazo.

Za msonkho bwanji, a MRA amafunanso za lendi?

Eya, ndalama ya lendi ndi phindu ngati lina lililonse ndipo imayenera kulipiridwa msonkho. Mukachititsa lendi ku kampani kapena bungwe iwo amadula okha gawo la msonkho asanakupatseni n'kukapereka ku MRA, ndiye muzitenga satifiketi yake ndipo mukhale ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho. Sungani malisiti a zonse zomwe mwakonzetsa, amathandiza powerengera. Peresenti yake imasinthasintha ndi bajeti ya boma, kafunseni ku ofesi yawo chaka chimenecho musanagwirizane mtengo ndi kampani, kuti mudziwe yomwe ifike m'manja mwanu.

Mlamu wanga akufuna alowe m'nyumba yanga ina, akuti azilipira ngati wina aliyense. Ndimulole?

Mwezi woyamba alipira. Wachiwiri alipira theka. Wachitatu mukapita kukafunsa mupeza akuphikirani nsima ya nkhuku, ana akuthamangira kudzakulandirani "ankolo abwera", mudya, musamba m'manja, mutsanzika osatchula za lendi, ndipo pobwerera mu minibasi muzidzitukwana nokha. Mukadzalimba mtima n'kumupatsa notisi nkhani ifika kumudzi inu musanafike kunyumba, ndipo pa maliro otsatira azakhali adzakukokerani pambali. Ngati mukufuna kumuthandiza mlamuyo, nyumba yanu ikani mlendo, pa lendi yomwe mukulandirayo tapanipo kangachepe muzimuwonjezera akapeze nyumba kwa landilodi wina.